Lilongwe wa Makonde Akutha Tikuona

Ana athu kusukulu amaloweza kuti likulu la dziko la Malawi linasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975. N'zoona ndithu. Koma chaka chimenechi chakula kwambiri m'mitu mwathu mpaka chaphimba zonse zimene zinalipo chisanafike, ngati kuti Kamuzu anapeza tchire lokhalokha n'kudzutsapo mzinda. Pamene maunduna ankalowa m'maofesi a ku Capital Hill, n'kuti Lilongwe atakwanitsa kale zaka 70. Anali ndi msika wake, mlatho wake, mzikiti ndi matchalitchi, chipatala, positi ofesi, ndiponso mzere wa masitolo a makonde kutsidya kwa mtsinje. Lilongwe ameneyo ndiye akugwa lero, nyumba imodziimodzi, popanda womulira, popanda ngakhale womujambula chithunzi.

Chiyambi chake chinali chaching'ono. Boma loyamba la atsamunda kuno linakhazikitsidwa mu 1902 m'dera la mfumu Njewa, ndipo pofika 1904 malo a m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe ndiwo anali poyendetsera chigawo chimene azungu ankachitcha Central Angoniland. Panali mzungu wa boma, asilikali owerengeka, amesenjala ndi kalaliki wolemba za msonkho. Posakhalitsa amwenye oyamba anafika ndi katundu wawo wamalonda. Mwayi wa malowa unali wakuti anali pamphambano. Msewu wochokera kummwera kudzera ku Dedza unkapitirira kumpoto cha ku Kasungu, wina unkalowera kumadzulo ku Fort Manning, kumene lero timati Mchinji, mpaka ku Fort Jameson, yemwe ndi Chipata, ndipo wina unkatsikira kunyanja. Aliyense wapaulendo ankayenera kuwoloka mtsinje pamenepa.

Koma chimene chinasandutsa kaboma aka kukhala tauni ndi fodya. Mu 1920 azungu awiri, A. F. Barron ndi R. W. Wallace, anatsegula minda ku Mbabzi, nayamba kugawa mbewu ya fodya wa chikopa kwa alimi a m'midzi kuti adzawagule tsamba likauma. M'zaka zochepa alimi a fodya anachuluka kufika zikwizikwi m'chigwa chonse cha Lilongwe, moti mu 1926 boma linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board kuti liziyang'anira ulimi ndi malonda ake. Njanji itafika ku Salima mu 1935, malole ankatsika ndi mabelo kukakweza sitima yopita ku Limbe, kumene okushoni inatsegulidwa mu 1938. Mlimi wa ku Nsaru, ku Mpingu kapena ku Nathenje akagulitsa fodya wake ankayamba wachotsa ya msonkho. Yotsalayo ankaimanga pakansalu n'kupita nayo kusitolo: nsalu ya mayi a kunyumba, bulangete, khasu, mchere, palafini, ndipo chaka chikakoma, njinga. Ndalama ya alimi amenewa ndiyo inamanga Old Town, ndipo mu 1947 Lilongwe anavomerezedwa kukhala tauni.

Tauniyo inagawidwa ndi mtsinje, ndipo kagawidweko kanali ka khungu. Kumadzulo, kumtunda kopita mphepo, kunali maofesi a boma, nyumba za azungu, hotela, tchalitchi cha St Peter's, ndi kalabu ya gofu imene inayamba mu 1930. Kumeneko ndi ku Area 3 ya lero, ndipo mayina a misewu yake akusungabe nthawiyo: Barron Avenue, Colby Road, Glyn Jones Road, Mandala Road. Kum'mawa, kutsidya kwa mlatho, kunali masitolo a amwenye, mzikiti ndi msika. Kupitirira apo ndiye kunali kwa eni dziko, ku Falls, ku Mchesi, ku Biwi ndi ku Kawale, kumene ankachokera m'mamawa ophika, ochapa, amisiri ndi makalaliki a tauni yonse.

Amene sanaione sitolo ya masiku amenewo ayenera kufotokozeredwa bwino, chifukwa zotsala n'zowerengeka. Inali nyumba yapansi, yopanda nsanjika, ya njerwa zootcha ndi makoma ochindikala. Denga lake linali la malata opaka utoto wofiira kapena wobiriwira, lotsetsereka mpaka kufunditsa khonde lakutsogolo, limene linkakhala pa nsanamira zinayi kapena zisanu. Zitseko zinali ziwiri zamatabwa, zotseka usiku ndi mpiringidzo wachitsulo. Ukalowa kuchokera padzuwa la Okutobala, maso ankayamba achita chidima, thupi n'kumva kuzizira, kenako mphuno n'kulandira fungo la nsalu yatsopano, sopo ndi palafini. Kauntala inali yathabwa, yaitali, yosalala chifukwa cha zigongono za ogula, ndipo m'mphepete mwake ankakhomeramo ndodo yoyezera mayadi a nsalu. Pambali panali sikelo ya miyala. Kudenga kunkalendewera ndowa, nyali, miphika ndi matayala a njinga. Kuseri kwa chitseko chamkati kunkakhala banja la mwini sitolo, ndipo kuseri kwenikweni, kubwalo, kunali tizipinda ta antchito.

Mkati munali mwa mmwenye, koma khonde linali lathu. Pakhonde ndi pamene pankakhala telala ndi makina ake a Singer opalasa ndi phazi, tepi ili m'khosi, zidutswa za nsalu zili mbwee pansi. Mayi ankagula nsalu mkati, n'kutuluka, n'kuyezedwa pomwepo, n'kupita kumsika kukagula usipa ndi tomato. Pobwera ankapeza diresi yatha, telala akudula ulusi womaliza ndi mano. Pafupi naye pankakhala wokonza mawotchi ndi kabokosi kake kagalasi, wosoka nsapato, ndi wolembera anthu makalata opita kwa amuna awo ku Joni kapena ku Salisbury. Mvula ikayamba, onse apamsewu ankathawira pomwepo, mphunzitsi ndi wonyamula katundu kuima phewa ndi phewa kudikira kuti ikate. Pamakonde amenewa ndi pamene pankamvekera mtengo wa fodya wa chaka chimenecho. Ndi pomwenso anthu ankanong'onezana za Chitaganya chimene chinayamba mu 1953, za kubwera kwa Dr. Banda mu 1958, ndi za amene anatengedwa usiku pa 3 Malichi 1959. Amalawi ambiri amene pambuyo pake anadzakhala ndi magolosale ndi mashopu awoawo anaphunzirira malonda pakhonde la mwini wake, akulipira kandalama ka malo pamwezi.

Sitikunena kuti anali masiku a uchi. Bambo wa imvi, wa ana ndi zidzukulu, ankaitanidwa kuti boyi. Malipiro anali a njala. Ngakhale matenda ankasankhidwa khungu: azungu anali ndi chipatala chawo kumtunda, anthu akuda chawo kumunsi, chimene mibadwo yambiri ya mu Lilongwe inabadwiramo ikuchitcha Bottom, ndipo lero ndi Bwaila. Koma n'chifukwa chake nyumba zimenezi zili zofunika. Ndi mboni. Mwana wobadwa lero ukamuuza kuti tauni yake inagawidwa potengera khungu akhoza kuyesa nthano, koma ukamuyendetsa kuchokera ku bwalo la gofu, kuwoloka mlatho, kudutsa pamsika mpaka ku Mchesi, aziona yekha ndi maso. Ndiponso tisaiwale amene anaumba njerwazo, kuziotcha, kusenza mchenga wa mumtsinje ndi kukhoma malatawo. Anali agogo athu. Pepala la umwini linali la wina, koma thukuta lili m'makomawo ndi lawo.

Dr. Hastings Kamuzu Banda ankanena kuti maganizo osamutsa likulu anawabwerera ali m'ndende ku Gwelo. Dziko litalandira ufulu mu 1964, nkhaniyi inakhazikika mu 1965. Boma la Britain linakana kupereka ndalama, likuti dziko losauka lili ndi zina zofunika kuposa likulu latsopano. Thandizo linachokera ku South Africa ya tsankho, imene mu 1968 inapereka ngongole ya marandi 8 miliyoni, ndipo chaka chomwecho kunakhazikitsidwa bungwe la Capital City Development Corporation, limene aliyense ankangoti CCDC. Mapulani anajambulidwa ndi akatswiri a ku South Africa komweko. Ankafuna mzinda wotakasuka, wa mitengo ndi mipata, wa zigawo zinayi zotalikirana: Old Town, Capital Hill, Kanengo ndi Lumbadzi. Malo onse anadulidwa m'ma Area a manambala, manambala osatsata kuyandikana kwa malo, amene mpaka lero amasokoneza mlendo. Ntchito inayenda mofulumira. Chipatala chachikulu cha Kamuzu Central chinatsegulidwa mu 1977, njanji yochokera ku Salima inafika ku Kanengo mu 1979, bwalo la ndege la ku Lumbadzi linatsegulidwa mu 1983, ndipo mu 1984 CCDC inathetsedwa.

M'maganizo a ojambula mapuwo, mtima wa mzinda unayenera kukhala ku City Centre, kutsidya kwa Lingadzi, pafupi ndi maunduna, mabanki ndi maofesi a akazembe. Tauni yakale inasiyidwa kummwera kuti izidzionera yokha. Koma anthu sanatsate mapu. Ku City Centre ikangokwana 5 koloko madzulo, maofesi amatsekedwa, magalimoto n'kubalalika, kutsala alonda okhaokha. Moyo unakakamira kumene unayambira. Mpaka lero munthu wa ku Area 25, ku Chinsapo kapena ku Kawale akati akupita m'tauni, ndiye kuti akupita kudepoti, ku Malangalanga, ku Devil Street, ku Bwalo la Njobvu. Kumeneko ndi kumene kumatsikira basi yochokera kumudzi, kumene kumapezeka feteleza, chitenje cha ukwati, loko wa chitseko ndi sipeya ya galimoto.

Chikondi chimenechi ndi chomwenso chapha nyumba zakale. M'zaka za m'ma 1970 boma linalamula amalonda achimwenye kuti achoke m'matauni ang'onoang'ono a kumidzi, ndipo pofika 1978 ankaloledwa kuchita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha. Ambiri a m'chigawo chapakati anadzaunjikana mu Area 2. Anthu nawo ankachuluka modabwitsa. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 19,000 mu Lilongwe. Wa 1977 anapeza pafupifupi 99,000. Wa 2008 anapeza oposa 670,000, ndipo wa 2018 anapeza pafupifupi 990,000. Khamu lonseli limagula m'timisewu tomwe tija timene tinalambulidwira ngolo ndi malole a fodya. Malo anakwera mtengo, moti mwini puloti akayang'ana sitolo yapansi imene anasiya agogo ake amaona ndalama ikutayika mwezi ndi mwezi.

Kagwedwe kake n'kodziwika kwa aliyense woyenda mu Old Town. Nthawi zina kumayamba ndi nyenyezi yofiira, chizindikiro chimene chinayamba nthawi ya Kamuzu ndipo makhonsolo a mizinda akhala akuchidzutsanso: nyumba ikaoneka yotha, amaipaka nyenyezi pakhoma, kutanthauza kuti mwini wake aikonze kapena aigwetse. Cholinga n'chabwino, pakuti nyumba zina zinalidi zoopsa. Koma nyenyeziyo sisiyanitsa nyumba yowola ndi nyumba ya mbiri yakale imene ikungofuna denga latsopano, ndipo kwa mwini wake kugwetsa n'kumene kuli ndi phindu. Tsiku lina mumangoona mpanda wa malata wazungulira sitolo. Kuseri kwake mukumveka nyundo. Anyamata ali pamwamba akuzula misomali, ena akugogoda njerwa imodziimodzi kuchotsa dothi kuti zikagulitsidwe, chifukwa njerwa yakale ndi yolimba ndipo ogula saasowa. Malata, zitseko ndi mafelemu a mawindo amakwera lole kupita ku Mtandire kapena ku Mgona kukafolera nyumba zina. Pakatha miyezi, mpanda uja ukachotsedwa, pamakhala pataima nyumba ya nsanjika zitatu kapena zinayi, ya matailosi ndi magalasi abuluu, yodulidwa m'timashopu tambirimbiri ta lendi. Khoma lake lafika m'mphepete mwenimweni mwa msewu. Khonde palibe. Telala wasamukira kumsika kapena pansi pa mtengo, ndipo woyenda pansi akulimbirana njira ndi minibasi ndi njinga zamoto za kabaza, dzuwa ndi mvula zili pamutu.

Zina zapita m'njira zina. Moto wapsereza misika ya m'tauni kangapo, ndipo chomangidwa pambuyo pa moto sichifanana ndi chimene chinapsa. Zionetsero za pa 20 Julaye 2011, pamene masitolo ena anathyoledwa, zinawonjezera mantha, ndipo mantha amamanga ndi zitsulo. Misewu ikukulitsidwa, zimene mzinda wa magalimoto ochuluka chotere unkafunikadi, koma mu 2021 anthu anaona ndi chisoni mitengo ya m'mbali mwa msewu wa Kenyatta ikugwetsedwa, mitengo imene inali mbali ya maloto a mzinda wobiriwira uja. Mayina nawo apita. Kandodo ndi Mandala, kumene makolo athu ankalowa atavala bwino, atsala m'kamwa mwa achikulire. PTC, imene inali pafupifupi m'dera lililonse, yatsatira. Padepoti panapita mabasi a UTM, kenako a Stagecoach, kenako a Shire Bus Lines. Chosatha ndi luso la anthu ofuna kudya. Mavenda atachotsedwa m'misewu mu 2006 n'kupita kumisika ya m'mbali mwa mtsinje, anyamata anakhoma milatho yawoyawo ya mitengo pakati pa Tsoka ndi Lizulu, n'kumalipiritsa kandalama aliyense wowoloka. Mzimu wa pakhonde uja ulipobe, koma ulibenso denga.

Pali kutayika kwina kumene kunachitika kale kuposa uku, ndipo sikutchulidwa kawirikawiri. Pamene pali ma Area lero panali midzi ya Achewa, ya pansi pa mafumu monga Tsabango, Chitukula ndi Njewa, yokhala ndi minda, madimba, mabwalo a gule ndi madambwe ake. Likulu litabwera anthu anasamutsidwa kuti papite misewu ndi maofesi. Nyumba ya dothi ndi udzu sisiya bwinja lokhalitsa. Mvula ziwiri zitatu, yabwerera kunthaka. Chimene chinatsala ndi mitengo ya mango yoima m'magulumagulu pamene panali mabwalo a nyumba, ndi timisitu ta manda timene mumationa apa ndi apo pakati pa mzinda, tozingidwa ndi mipanda ya anthu osadziwa amene agona m'menemo. Mbiri ya Lilongwe imene siyamba ndi midzi imeneyi ndi yoduka mutu.

Ngakhale kumayadi, kumene munthu angaganize kuti zinthu zimasungika, nkhani ndi yomweyo, kungoti kumeneko imachitikira kuseri kwa mpanda. Nyumba zakale za ku Area 3 zinali ndi makoma onenepa, chumuni cha moto wa mu Juni, ndi khonde lozungulira lotchingidwa ndi sefa ya udzudzu. Za ku Area 10, Area 11 ndi Area 12, zomangidwa nthawi ya CCDC, zinali zapansi, pa mapuloti aakulu a mitengo, ndi mipanda ya maluwa imene wodutsa ankatha kuonera mkati n'kupereka moni. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 maluwa aja analowedwa m'malo ndi makoma a njerwa, pamwamba pake waya wamagetsi. Nyumba zambiri zasanduka maofesi a mabungwe, malo ogona alendo ndi malo odyera, ndipo zina zagwetsedwa kuti puloti imodzi ibale nyumba zisanu ndi imodzi za lendi. Mumangozindikira poona malole a mchenga akulowa pageti. Nayonso City Centre, imene tinkaitcha yatsopano, yakalamba tsopano. Mu 2025 likulu linakwanitsa zaka 50, kutanthauza kuti maofesi a ku Capital Hill, nyumba ya Reserve Bank ndi Capital Hotel nazonso zalowa m'gulu la nyumba za mbiri yakale, ndipo tsiku lina wina adzaziyang'ana ndi diso lomwe lija loona ndalama ikutayika.

Lamulo loteteza zinthu zotere lilipo. Monuments and Relics Act ya 1990 imapatsa boma mphamvu yoika nyumba kapena malo m'kaundula wa chuma cha fuko, ndipo pali nthambi ya boma yoona za malo osungirako zakale ndi zipilala. Ku Blantyre nyumba ya Mandala ya 1882 idakaima, ndipo tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene chinatha kumangidwa mu 1891 chikupemphererabe anthu. Zojambula za pamiyala ku Chongoni zinalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006. Ku Zanzibar, Stone Town inalowa m'kaundula yemweyo mu 2000, ndipo chimene alendo amakaona kumeneko ndi timisewu ta masitolo ndi nyumba za amalonda momwe anthu akukhalabe ndi kugulitsabe. Lilongwe nayenso ali ndi zokumbukira zake: manda a Kamuzu amene anatsegulidwa mu 2006, chipilala cha asilikali a nkhondo, nyumba ya malamulo ya 2010. Zonsezi n'zoyenera, koma zimakamba za atsogoleri ndi za boma. Za mlimi wa fodya, telala, mayi wa pamsika ndi mmwenye wa pakauntala, amene anapanga tauni likulu lisanabwere, zikukambidwa ndi masitolo ochepa otsalawo basi.

Palibe akunena kuti mzinda uleke kukula. Anthu miliyoni sangagule m'masitolo a anthu 19,000, ndipo mwini puloti ali ndi ufulu wopindula ndi malo ake. Koma pali zinthu zimene zingachitike popanda ndalama zambiri. Khonsolo ya mzinda, mogwirizana ndi nthambi yoona zakale, ikhoza kuyenda msewu ndi msewu mu Area 2, Area 3 ndi Area 4, kulemba ndi kujambula nyumba iliyonse yomangidwa ufulu usanabwere, kuti chilolezo chogwetsa chisamatuluke nyumbayo isanalembedwe. Ophunzira za zomangamanga ku MUBAS ndi a mbiri ku University of Malawi akhoza kuigwira ntchito imeneyi patchuthi chimodzi, mapu ndi makalata akale n'kukazifufuza ku National Archives ku Zomba. Mzere umodzi wokha wa masitolo a makonde ukhoza kusankhidwa kuti usungidwe, eni ake n'kupepukitsidwa msonkho wa malo kuti asaone ngati alangidwa. Ndipo aliyense womanga nyumba yatsopano m'misewu ya malonda akhoza kulamulidwa kusiya khonde kutsogolo, kuti woyenda pansi apeze mthunzi ndipo mmisiri wamng'ono apeze poyambira. Amene anamanga kale ankadziwa dzuwa ndi mvula ya kuno. Nzeru imeneyo tikhoza kuitenga ngakhale nyumba zawo zitapita.

Chofulumira kuposa zonse ndi anthu. Ku Kawale, ku Mchesi ndi ku Chilinde kuli agogo amene anapalasa makina pamakonde a ku Malangalanga, amene anagulitsa pamsika wakale, amene anasamutsidwa pamudzi pawo kuti pamangidwe Capital Hill. M'mabanja achimwenye muli zithunzi ndi mabuku a ngongole olembedwa pamanja, okhala ndi mayina a midzi ndi mitengo ya katundu ya zaka zimenezo. Wailesi, sukulu, mipingo ndi mizikiti zikhoza kuwakhazika pansi anthu amenewa n'kuwafunsa kuti apa panali chiyani, mwini wake anali yani, munkagula chiyani. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka. Mnyamata amene anali ndi zaka 20 pamene mbendera ya Malawi inkakwera mu 1964 lero wapitirira zaka 80, choncho ntchito yowafunsa ndi ya chaka chino.